Ngolo Yosanduka Munthu

Turffontein, Joni
12 Malichi 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo ndithu, inu pamodzi ndi amayi, mlongo wanga Evelyn, amake Precious ndi mwanayo. Ine kuno ndili bwino, kupatula dzino lija lakumanzere limene limakonda kundipatsa moni kukazizira.

Ndaganiza zoti tizilemberana makalata chifukwa pafoni sitimvana. Netiweki ilibe mlandu, vuto ndi makutu anuwo amene nyundo ndi malata zinawamaliza kalekale. Sabata yatha ndinakuwa mpaka Mzimbabwe wa chipinda chinacho anagogoda khoma, inu n'kumangoyankha kuti eya, mvula ikugwa. A Frazer a ku Kabudula, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Lilongwe, avomera kuti azititengera makalata.

Ntchito yosamalira maluwa ija inatha. Panopa ndili kwa mzungu wina dzina lake Steve, ku Edenvale, ndipo timagulitsa zidole. Ndikudziwa kuti pamenepa mwaika kalata pansi kuti museke kaye. Mukatha kuseka muwerenge bwino. Zidole zake ndi maloboti, osati a pamsewu aja ayi. Chimakhala ngati galimoto kapena ndege, koma ukapinda apa, n'kukoka apo, n'kutembenuza matayala, chimaimirira n'kukhala chimunthu chachitsulo cha mutu ndi manja. Zinachokera m'makanema akalekale a ana. Koma ogula ake si ana. Ndi azibambo a ndevu zawo, ena dazi lili mbee. Amalipira ndalama yoti kwathuko n'kugula mbuzi zitatu, akafika kunyumba saseweretsa, amangoika pashelefu osatsegula n'komwe katoni. Wina anabweza katundu chifukwa kona ya katoni inapindika, chidole chili bwinobwino m'katimo.

Zidolezi zilipo za mitundu iwiri. Zina n'zachilolezo, zopangidwa ndi kampani ya eni ake ya ku Amereka, ndipo pachifuwa zili ndi chizindikiro. Zimenezo zimakhala kutsogolo kwa shopu. Zina zimapangidwa ndi timafakitale ta ku China popanda kupempha aliyense. Nkhope yomweyo, utoto womwewo, koma dzina lina, ndipo pachifuwa palibe kanthu. Chizindikirocho wogula amakagula padera n'kumata yekha. Zimenezi timasunga kuchipinda chakumbuyo, ndipo ndi zimene zimayenda malonda chifukwa makasitomala amati n'zolimba kuposa za eni ake. A Steve amati kumeneko si kuba, n'kulemekeza amene anayambitsa. Ndinawafunsa ngati munthu wotenga mbuzi ya mnzake n'kuipatsa dzina lina nayenso amakhala akulemekeza. Anati ndipite ndikapukute mashelefu.

M'katundu muli shuga, mafuta ophikira, nsapato za amayi ndi loboti limodzi lothyoka mkono limene a Steve amafuna kutaya. Limenelo ndi la Precious. Fodya musagulitse kwa mavenda ngakhale akunyengerereni bwanji, dikirani msika wa okushoni utsegulidwe. Za Pasaka musandiwerengere. Pasipoti yanga ili ndi kavuto kena, tidzakambirana.

Ndine mwana wanu,
Noel


30 Epulo 2023

Bambo,

Moni wanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chachepa. Ine ndili bwino. Kalata yanu yonse munalemba za kukwera mtengo kwa malata, koma nkhani yeniyeni munaisiya. Ndaimva kwa Evelyn.

Akuti Precious anaseweretsa loboti lija tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake munalitenga n'kupita nalo kushedi kwanu kumsika, ati mukufuna kuona chimene chimalira m'bondo mwake. Pofika masana linali tizidutswa m'mbale, ndipo mwana analira masiku awiri. Bambo, ndisaname, ndinakwiya. Mwanayo sindinamutumizirepo chinthu choti n'kuloza kuti ichi n'cha adadi, ndiye choyamba chomwecho agogo ake n'kuchichita opareshoni. Ndinalemba kalata ina yaukali, mwayi wanu a Frazer anachedwa kunyamuka.

Ndiye Lachinayi Evelyn ananditumizira kanema pafoni. Ndinaona ngolo ya malata, kutalika kwake ngati mkono wanga, ng'ombe ziwiri zili pagoli. Ndinaona manja anu akupinda. Ng'ombe zija zinatsika n'kukhala miyendo, matayala anakwera pamapewa, bokosi la ngolo linatseguka n'kutuluka mutu wovala chipewa, goli lija linasanduka khasu. Mlimi anaimirira pathebulo, Precious akuwomba m'manja. Pamsana pa mlimiyo pakuonekabe zilembo za chitini cha mafuta ophikira. Ndinaonera mobwerezabwereza ndili m'minibasi mpaka kupitirira siteji yanga. Kalata yaukali ija ndang'amba.

Kenako ndinaonetsa a Steve. Munthu uja tiyi anamuzizirira m'manja. Anafunsa kuti ndi kampani iti yatulutsa chimenechi iwo osamva. Ndinati kampani yake ili kuseri kwa msika wa Nsaru, pafupi ndi okazinga tchipisi, bwana wake ndi wogontha, ndipo ntchito yake yeniyeni n'kukhoma ndowa ndi makheni othirira fodya. Sanaseke. Anakhala pansi n'kuyambanso kuonera.

Ndiye akupempha kuti mupange ina mutumize ndi a Frazer. Ya Precious musatenge, chonde, mwana angadane nanu mpaka kalekale. Muikulunge m'nsanza ndi kuika m'katoni, osati m'thumba limodzi ndi ufa ndi usipa wanga. A Steve alipira, ndipo ndawauza mtengo wa ndowa khumi. Akakufunsani a Frazer musandichititse manyazi potchula mtengo wa ndowa imodzi.

Mtedza wa amake Precious ukakumbidwa asungeko wambewu, chaka chatha anagulitsa wonse n'kudzagulanso modula. Kuno kwayamba kuzizira. Lachiwiri sindinapite kuntchito, msewu wathu unali ndi alendo ofunsa mapepala, koma zinatha bwino.

Mwana wanu,
Noel


18 Juni 2023

Okondedwa Bambo,

Ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa, ndikugona ndi jekete. Kaya inu kumeneko, makamaka msana wanu uja.

Ngolo inafika bwino, ngakhale inafika ikununkha usipa. Loweruka lapitali tinapita nayo kumsonkhano wa anthu osonkhanitsa zidolewa, muholo ya sukulu ina. Bambo, mukanaona. Azibambo akuluakulu kugwada pansi kuti aione bwino, mawondo akulira kuposa a loboti. Wina anafunsa ngati dzimbiri la patayala munaika dala. Ndinati eya, ndi luso la kwathu. Wina anafuna kudziwa dzina la mlimiyo ndi mbiri yake, kuti amamenyana ndi ndani. Ndinati amamenyana ndi mtengo wa feteleza, iye n'kulemba m'foni mwake. Tsiku lonse ndinaima pamenepo kupinda ndi kutambasula mpaka zala kutupa.

Tsopano nkhani ndi iyi, muwerenge modekha. A Steve akufuna kutumiza ngoloyo kufakitale ya ku China kuti akapange zambirimbiri zapulasitiki. Koma akuti asanatero mufunika musayine pepala limene ndaika m'kalatamu. Azungu amati kopirayiti. Tanthauzo lake n'lakuti maonekedwe a chinthu ali ndi mwini wake, ngati mmene munda ulili ndi mwini wake. Mukasayina, ngolo yosanduka munthu ikhala ya a Steve. Inu simudzapanganso ina, simudzagulitsa, simudzaphunzitsa munthu kapangidwe kake. Ndowa ndi makheni sizikukhudzidwa. Akupatsani ndalama zokwanira kufolera shedi yanu ndi malata atsopano n'kutsalako.

Ndikudziwa chimene mufunse, nanenso ndinafunsa. Munthu amene chipinda chake chakumbuyo chadzaza ndi zokopera akuopa bwanji kukoperedwa? Anandiyankha kuti n'chifukwa chake akuopa, anzakewo amawadziwa bwino.

Pali china chimene sindinakuuzeni bwinobwino. Masiku amene anandipatsa polowa m'dziko muno anatha kalekale. Ndikangofika pachipata cha m'malire kuti ndibwere kumudzi, andidinda chidindo choti ndisabwerenso kuno kwa zaka, ndiye ntchito yathera pomwepo. N'chifukwa chake Khirisimasi iliyonse ndimakhala ndi chifukwa chatsopano. A Steve alonjeza kuti nkhani ya ngoloyi ikatheka andilemba ntchito mwalamulo ndi kulipira loya woti akonze mapepala anga, kuti ndizitha kubwera ndi kubwerera ngati munthu. Precious ndinamusiya ali kumsana. Lero akuti wayamba kulemba dzina lake, ine ndimangomudziwira pagalasi la foni.

Sindikukukakamizani, ngolo ndi yanu. Koma mukasayina musayine pamene pali mtanda wa pensulo, ndipo pakhale mboni.

Ndine,
Noel


6 Ogasiti 2023

Bambo,

Ndayamika kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti fodya anagulidwa, ngakhale mtengo wake sunakusangalatseni, monga chaka chilichonse chibadwire ine. Ine ndili moyo.

Yankho lanu ndaliwerenga mobwereza, ndipo ndikuona ngati analemba anthu awiri. Tsamba loyamba mwalemba ngati wansembe. Mwati munda wina akalima iwe sulimaponso, koma ngolo wina akapanga yake yako siichoka m'manja, choncho maonekedwe alibe mwini, ndi a Mulungu. Mwati simungasayine pepala lomanga manja anu omwe. Ndinatsala pang'ono kuvomereza. Kenako ndinatembenuza tsamba. Kumeneko mwalemba kuti a Misheck, amisiri anzanu a shedi yoyang'anana nanu, ayamba kupanga ngolo zosanduka munthu, akugulitsa motchipa, ndi mbava yopanda manyazi, ndipo mzunguyo atumize pepala lina lomanga a Misheck. Nanga maonekedwe a Mulungu aja apita kuti?

Ndiloleni ndikukumbutseni mwaulemu. Bondo la mlimi wanuyo munalionera m'loboti la Precious. Amene anapanga loboti la Precious anaonera la ku Amereka osapempha. Ndipo chogwirira cha ndowa chimene mumanyadira chija, amayi amati munachionera kwa malemu bambo awo a Misheck omwewo. Ine pamzere wonsewu sindikuona woti n'kuyamba kuponya mwala.

Za abulu mwandiseketsa. Mwati a Misheck m'malo mwa ng'ombe aika abulu, ndipo mlimi wawo akaimirira makutu a bulu amatulukira m'mawondo. Ngati zili choncho mukuopa chiyani? Komanso kumbukirani kuti a Misheck ndi amene anandinyamula pa ubatizo. Sindingapite kwa mzungu kukapempha pepala lomanga bambo anga a ubatizo.

A Steve akufunsa tsiku ndi tsiku. Ndimawauza kuti kwathu nkhani zazikulu zimafuna kukhalirana pansi, koma bodza limeneli latsala pang'ono kutha mphamvu. Mnzanga wa ku Mpingu amene tinkagona chipinda chimodzi apolisi anamutenga mwezi watha akuchokera kogula buledi. Katundu wake ndamusungira pansi pa bedi.

Bambo, ine sindidziwa kulankhula mozungulira ngati inu. Ndatopa ndi kuyenda ndikucheuka. Ndikufuna ndidzamunyamule mwana wanga asanakule moti n'kuchita manyazi kunyamulidwa. Basi, ndanena.

Nthawi ya nazale za fodya yayandikira, makheni ayenda malonda. Musataye tsiku lonse ndi kusuzumira kushedi kwa a Misheck.

Noel


24 Seputembala 2023

Okondedwa Bambo,

Pepala lafika. Ndaona sayini yanu, ndi ya akatekisiti pansi pake ngati mboni. Kalata yanu inali ya mzere umodzi, yakuti, "Ndasayina, ubwere udzaone mwana." Ndinaiwerenga nditaima pamene a Frazer amatsitsira katundu, ndipo ndinachita kutembenukira kukhoma kuti anthu asandione nkhope. Zikomo, Bambo. Ndikudziwa chimene mwapereka. Moyo wanga uli bwino, ndikhulupirira kuti nanunso chimodzimodzi.

A Steve anavina. Ngolo yapita kale ku China, ndalama zanu a Frazer akupatsani pamanja, ndipo loya ndakaonana naye kamodzi. Anandifunsa mafunso ambiri n'kunena kuti zinthu zotere zimafuna kudekha.

Koma zimene ndikumva kwa Evelyn zandidabwitsa. Akuti chisayinireni mwasanduka wapolisi wa a Steve. Mukuyenda mumsika ndi m'midzi ndi thumba la feteleza, mukapeza mwana akuseweretsa ngolo ya a Misheck mukulanda, ati ngati ine mwini wake ndaletsedwa, wina ndani. Akuti Lamulungu munalanda ina pakhomo pa tchalitchi penipeni, ya mwana wa apampando a kwaya, misa isanayambe. Akutinso Lachisanu munakalowa mushedi ya a Misheck n'kugwirana m'makolala, madala awiri a imvi zawo kugubuduzana pakati pa ndowa, phokoso lake anthu n'kumayesa ngozi ya galimoto. A Misheck malaya anang'ambika, ndipo nonse awiri munakapezeka kwa tcheyamani wa msika.

Bambo, pepala lija silinakutumeni zimenezo. Lamanga inu nokha. A Misheck sanasayine kanthu, ana a anthu sanasayine kanthu. A Steve sadziwa n'komwe kuti Nsaru ili mbali iti, amayesa ndi ku Mozambique. Bwezani ngolo za ana. Malaya ndatumiza m'katundumu, abuluu, mukapereke kwa a Misheck, ndipo musanene kuti achokera kwa ine.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi ichi. Akuti ngolo ya Precious inathyoka goli, mwana anabwera nayo kwa inu, inu n'kukana kukonza, ati kukonza n'chimodzimodzi kupanga. Akuti munamuuza mutayang'ana kumbali, ndipo tsiku limenelo simunadye. Ikonzeni, Bambo. Palibe mzungu amene adzabwere kudzayendera goli la mwana.

Zikayenda bwino ndi loyayu, Khirisimasi ino tidyera limodzi.

Mwana wanu,
Noel


15 Okutobala 2023

Bambo,

Mwachidule, a Frazer akufulumira. Ndili bwino, kaya inu ndi kutenthaku.

Ndamva kuti ngolo za ana mwabweza, zikomo. Koma kodi kunali koyenera kumaima pakhomo lililonse n'kufotokozera makolo malo onse amene a Misheck analakwitsa pokhoma? Evelyn akuti kubweza kwake kunatenga sabata yathunthu chifukwa cha maulaliki amenewo. Malaya akuti munatumiza amayi kuti akapereke, inu mutabisala kuseri kwa ndowa. Bola afika.

Goli la Precious akuti amake anangomanga ndi ulusi. Sindinenanso kanthu, ndakulemberani kale.

Kuno makasitomala ayamba kulembetsa mayina kuti ngolo zapulasitiki zikafika adzakhale oyamba. Ku China kuli zii, a Steve akungokhalira kusuzumira foni. Shedi ifoleredwe mvula isanayambe, malatawo musawasandutse makheni.

Noel


19 Novembala 2023

Bambo,

M'thupi ndili bwino. Zinazo muwerenge nokha.

Fakitale imene a Steve anatumizako ngolo inakhala chete nthawi yonseyi, ati akuwerengera mtengo. Lolemba lapitali kasitomala wina analowa m'shopu foni ili m'manja, n'kutionetsa chidole chatsopano chimene chayamba kugulitsidwa pa intaneti. Ngolo yanu, Bambo. Yapulasitiki, yopakidwa utoto wapepo, dzina lachizungu lotanthauza mfumu ya nkhondo. Ng'ombe aziika maso ofiira oyaka ndi batire. Khasu alichotsa, mlimi amupatsa mfuti. Yatulutsa ndi kampani ina imene sitinaimvepo, koma adiresi yake ndi msewu womwewo wa fakitale ija.

A Steve anafiira mpaka m'makutu. Anayamba kukuwa kuti akuba, anthu opanda ulemu ndi luso la anzawo, dziko laipa. Amanena zimenezi ataima pakati pa chipinda chakumbuyo chija. Ndinathawira kuchimbudzi kukaseka. Koma ndili komweko ndinaganizanso za chithunzicho, mlimi wanu atanyamula mfuti, ndipo kuseka kunandithera. Munthu uja inu munamupanga kuti azilima.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. A Steve anajambula kanema wodandaula n'kuika pa intaneti kuti dziko lonse lione mmene awabera. Anajambula ataima pomwepo, mashelefu a zidole zopanda chilolezo ali kumbuyo kwawo, mitengo yake ikuwerengeka bwinobwino. Walira mvula walira matope. Dziko linaonadi, kuphatikizapo maloya a kampani ya eni maloboti, ndipo kalata yawo yafika Lachinayi. Akuti katundu yense wa kumbuyo achotsedwe, apo ayi akakumana kukhoti. Popanda chipinda chimenecho shopu ilibe phindu, ndiye itsekedwa kumapeto kwa Disembala.

Za mapepala anga sakuzitchulanso, ndipo ine sindingafunse munthu amene akugulitsa mashelefu ake omwe. Loya uja wati popanda wondilemba ntchito palibe chimene angachite.

Ndiye ndikuti, Bambo, yambaninso kupanga ngolo zanu. Pepala lija latha ntchito. Amene munamulonjeza alibe fakitale, alibe shopu, alibe nthawi yoganiza za Nsaru. Mundikhululukire kuti ndinakumangitsani manja pachabe. Amake Precious musawauze za Khirisimasi, ndiwaimbira ndekha.

Ya feteleza wokulitsa ndatumiza kwa Evelyn.

Noel


7 Januwale 2024

Okondedwa Bambo,

Chaka chabwino kwa nonse. Ndakondwa kumva kuti chimanga chamera bwino. Ine ndili moyo, ndipo ndikulemba nditakhala pa katoni chifukwa mpando ndagulitsa.

Ndinadziwa kuti mukana, koma sindinaganize kuti mukana ndi masamba atatu. Mwati munasayina pamaso pa akatekisiti, ndipo lonjezo silitha chifukwa choti wolonjezedwayo wasauka. Mwati malinga pepala likadali m'manja mwa mwini wake, inu ngolo simuikhudza. Evelyn akuti ngakhale a Misheck anabwera okha kudzakupemphani kuti muyambirenso, ati mpikisano wopanda mnzako sukoma, inu n'kuwapatsa mpando ndi mango, n'kukana. Liuma lanuli amayi apirira nalo bwanji zaka zonsezi, ine sindidziwa.

Ndiye imvani zimene zachitika. Tsiku lotseka shopu a Steve anandiitana. Munthu uja waonda, ndinamumvera chisoni. Anati alibe choti andipatse chotsanzikira, koma ndisankhe chilichonse mwa zotsala, n'kundilozera maloboti akuluakulu amene makasitomala ankalimbirana. Ndinati ndikufuna pepala la ngolo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kunena kuti pepalalo panopa silingagule ngakhale buledi. Ndinati lomwelo. Ndinawauza alembe kuseri kwake kuti zonse zimene bambo Ignatius anapereka kwa iwo azipereka kwa Noel, mwana wawo. Analemba, anasayina, mlonda wa pageti anaikira umboni. Ndajambulitsa, kope lake ndi ili m'kalatamu, mukaonetse akatekisiti.

Choncho, Bambo, mwini wake wa ngolo yosanduka munthu tsopano ndine. Mwati mumvera mwini pepala, ndiye mumve. Ndikukulolani kupanga ngolo zochuluka mmene mungafunire, kugulitsa, ndi kuphunzitsa aliyense. A Misheck nawonso ndawalola, ndi abulu awo omwe. Goli la Precious likonzedwe lero lomwe, musanadye.

Ine ndikubwera. Ndinyamuka ndi basi ya pa 20, a Frazer andisungira mpando. Pachipata andidinda chidindo chija, ndikudziwa, ndipo ku Joni sindidzapondakonso kwa zaka. Adinde. Ndinkadikira pepala loti lindilole kuona mwana wanga, ndipo pofuna pepala limenelo ndinakulandani ntchito ya manja anu. Zakwana. Sindibwera ndi zambiri, musauze anthu kuti kukubwera wa ku Joni. Chimene ndidzadye kumeneko sindikuchidziwa, ndipo ndisaname, ndili ndi mantha.

Chilolezo changa chili ndi lamulo limodzi lokha. Ngolo yatsopano yoyamba musaiyambe ndisanafike. Mundisungire malo pabenchi, ndidzagwire lata inu mukudula, mundionetse mmene ng'ombe imasandukira mwendo. Ndikudziwa kuti mudzandikalipira tsiku lonse kuti manja anga ndi a phala. Ndidzapirira. Kungoti pokalipapo muzikumbukira kuti mukukalipira bwana.

Ndine mwana wanu,
Noel